Mukakonza nyumba ya bwana, musagumule boyizikota

A Mkonzi,

Tipatseniko malo tiyankhulepo pa mkangano umene umabuka kawirikawiri kuno ku Zomba pa nkhani ya nyumba zakale za atsamunda. Ena amati zigumulidwe, chifukwa ndi zipsera za nthawi imene munthu wakuda ankavula chipewa akakumana ndi mzungu pamsewu. Ena amati zisungidwe, chifukwa ndi zokongola ndipo zimakopa alendo. Ife tili ku mbali yosunga, koma chifukwa chathu si kukongola ayi, ndipo tikuona kuti ambiri mwa amene amati "zisungidwe" ndi amene akuwononga umboni weniweni wa tsankho popanda kudziwa.

Zomba anakhala likulu la boma kuyambira 1891 mpaka 1975, ndipo nyumba ya malamulo inatsalabe kuno mpaka 1994. Mzindawu anaumanga motsata phiri, ndipo anthu anawasanja motsata khungu. Azungu anali kumtunda, kozizira, kumene madzi a Mulunguzi amafika asanade. Amwenye anali ndi masitolo awo m'mbali mwa msewu waukulu. Anthu akuda, makalaliki, amesenjala, asikari ndi antchito a m'nyumba, anali kumunsi, kapena kuseri kwa nyumba za mabwana. Chipatala cha azungu chinali pachokha, cha anthu akuda pachokha. Aliyense amene angayende wapansi kuchokera kumsika kukwera mpaka ku Masongola, nyumba yakale ya mkulu wa boma la atsamunda, n'kumayang'ana mmene mapoloti akukulira, mmene makonde akutambalalira ndi mmene mitengo ikuchulukira, waphunzira za tsankho kuposa amene waloweza tsamba lonse la buku la Fomu 3.

Masongola imeneyo, imene inatchedwa choncho chifukwa cha nsonga za denga lake, anaimanga ndi John Buchanan cha mu 1886, ndipo Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, anakhalamo. Kumunsi kwake kuli munda wa mitengo umene Alexander Whyte anayambitsa mu 1891. Kuli Gymkhana Club, kumene kwa zaka zambiri munthu wakuda ankalowa ngati woperekera zakumwa kapena wonyamula zibonga za gofu, osati ngati membala. Kuli nsanja ya wotchi yokumbukira asikari a King's African Rifles pafupi ndi Cobbe Barracks. Kuli ndende yaikulu ya mu 1935. Kuli State House, kuli nyumba ya malamulo yakale.

Amene akufuna kugumula tisawatenge ngati anthu osaganiza. Mawu awo ali ndi nsonga. Amafunsa kuti, boma likulephera kugula mankhwala m'zipatala, ndiye ndalama zokonzera khonde limene agogo athu sankaloledwa kupondapo zichoke kuti? Amafunsanso kuti, kodi kupenta nyumba ya bwanamkubwa si kumulemekeza? Pa funso lachiwirili tikuti pali kusiyana pakati pa chiboliboli ndi nyumba. Chiboliboli ntchito yake ndi imodzi yokha, kutamanda munthu. N'chifukwa chake ophunzira a ku Cape Town anachotsetsa cha Cecil Rhodes mu 2015, n'chifukwa chakenso anthu a ku Blantyre anapita kukhoti mu 2018 kukaletsa cha Gandhi. Koma nyumba siyitamanda munthu mmodzi. Njerwa za Masongola sanaumbe ndi Johnston. Dothi analiponda, nkhuni za uvuni anazisenza, matabwa anawacheka ndi anthu a kuno, ndipo ntchito ya manja awo palibe kwina kumene inalembedwa kupatula m'makoma amenewo.

Komanso nyumbazi sizinaleke kukhala ndi mbiri tsiku limene mbendera ya Britain inatsika. Bungwe lopanga malamulo linayamba mu 1907 lopanda munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Awiri oyamba analowa mu 1949, ndipo mu 1956 munalowa asanu, kuphatikizapo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene anasandutsa Zomba bwalo lotsutsirapo chitaganya. Pa 1 Epulo 1960 Kamuzu Banda atatuluka kundende ya Gwelo anabwera naye ku nyumba ya bwanamkubwa kuno kudzakumana ndi Iain Macleod, nduna ya Britain yoona za maiko olamulidwa ndi atsamunda. Mkangano wa nduna wa mu Seputembala 1964 unaphulikira m'nyumba ya malamulo ya kuno. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anagwidwa atachoka m'nyumba yomweyo. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ndiye mukagumula, mwagumula mbiri ya yani?

Tikumbukirenso kuti kugumula pofuna kuiwalitsa ndi njira imene atsamunda eni ake anagwiritsa ntchito. John Chilembwe atauka mu Januwale 1915, boma linaphulitsa tchalitchi cha PIM ku Mbombwe kuti pasatsale choti anthu aziloza. Ndipo mapepala sitingawadalire okha: moto wa mu 1919 unapsereza maofesi akuluakulu a boma kuno ku Zomba pamodzi ndi zikalata za zaka zoyambirira, moti pa zinthu zambiri za nthawi imeneyo khoma ndiye mboni yotsala.

Tsopano tiwatembenukire anzathu osunga. Poloti ya mzungu wa boma sinali nyumba imodzi. Kutsogolo kunali nyumba yaikulu ya khonde lozungulira. Kumbuyo kunali khitchini yapayokha, nthawi zambiri yolumikizidwa ndi kanjira kofolera. Kuseri kwenikweni, kumalire a poloti, kunali mdadada wa tizipinda ta khukhi, boyi, wa m'dimba ndi mlonda, tili ndi kazenera kamodzi kapena opanda n'komwe, opanda siling'i, chimbudzi chili patali. Chimene chimachitika nyumba yotere ikagwa m'manja mwa wofuna kuisandutsa loji kapena ofesi n'chodziwika. Nyumba yaikulu aipenta, khonde alipukuta, aikapo mipando ya nsungwi. Boyizikota aigumula kuti papezeke poimika magalimoto, khomo la kumbuyo alitseka ndi mabuloko, khitchini aiphatikiza ndi nyumba. Chotsala ndi chithunzi chonama, chosonyeza ngati nthawi ya atsamunda inali ya tiyi ndi maluwa basi. Tsankho silioneka pa nyumba ya bwana payokha. Limaoneka ukayeza chipinda chake chogona ndi tepi, n'kuyenda masitepe angapo kukayeza kachipinda kamene munkagona bambo wa ana asanu, banja lake atalisiya kumudzi. Ngati ndalama zikukwanira kusunga chimodzi chokha pa ziwirizi, ife tikuti isungidwe boyizikota, poti nyumba za mabwana zilipo zambiri ndipo zili ndi owakonda kale.

Sikuti nyumba iliyonse yomangidwa isanafike 1964 ndi yofunika kuisunga. Nyumba zambiri za antchito a boma anazimanga pa pulani imodzi. Zitsanzo ziwiri kapena zitatu za mtundu uliwonse, zokhala ndi zakumbuyo zake zonse, n'zokwanira. Zina zisinthidwe monga eni ake akufunira, koma zisanasinthidwe zijambulidwe mbali zonse zinayi, ziyezedwe, pulani yake ikasungidwe ku National Archives, imene mwamwayi ili konkuno. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, tepi, kope ndi foni, masiku awiri. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limapereka mphamvu yoteteza malo a mbiri, koma lamulo limateteza bwino chimene chalembedwa m'kaundula. Pempho lathu ku khonsolo ya mzinda ndi nthambi ya boma yoona za malo a mbiri ndi loti kaundula wa Zomba azitchula poloti yonse, osati nyumba yaikulu yokha, komanso kuti pempho lililonse logumula kapena kusintha nyumba ya m'kaundulamo lizidutsa kwa iwo onse awiri.

Pa funso la ndalama, anthu amaganiza mamiliyoni ochuluka chifukwa amayamba kuiganizira nyumba itagwa kale. Chimene chimapha nyumba zakale za ku Zomba si ukalamba. Ndi madzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 200, pa mvula ya mamilimita 50, imene kuno ikhoza kugwa masana amodzi, limatsitsa malita 10,000, kapena kuti migolo 50 ya malita 200. Ngati magatala adzaza masamba a mkungudza ndi jakaranda, kapena paipi yotsitsa madzi yathyoka, madzi onsewo akuthira pa khoma ndi m'maziko. Omanga akale ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anaika makonde otambalala ndi ngalande za miyala zotsika ndi phiri. Zambiri mwa ngalandezo lero zakwiririka kapena pamangidwa mipanda. Madzi saiwala khwawa. Akuluakulu amene anaona Napolo wa mu Disembala 1946 safunika kuwauza, ndipo namondwe Freddy wa mu 2023 anakumbutsa achinyamata.

Choncho ntchito yoyamba ndi ya makwerero ndi khasu. Magatala ayeretsedwe kawiri pa chaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi pakati pa dzinja. Ngalande zifukulidwe. Dothi lozungulira nyumba litsitsidwe kuti likhale masentimita osachepera 15 pansi pa msinkhu wa simenti ya m'nyumba, ndipo lipendekere kunja. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zilibe chotchinga chinyezi m'maziko monga pepala lakuda limene timayala lero, ndiye mabedi a maluwa ogundana ndi khoma, othiriridwa tsiku ndi tsiku, ali ngati kuimika nyumba m'beseni. Kamtengo ka kachere kakamera pa chumuni kapena m'mng'alu, musakazule ndi mphamvu, mudzazula ndi njerwa zomwe. Kaduleni, chitsa muchiphe ndi mankhwala, mizu ikauma muichotse pang'onopang'ono.

Malata akale ambiri ndi okhuthala kuposa amene ali m'mahadiweya lero, ndiye si nzeru kusasula denga lonse chifukwa cha malata asanu. Obooka okha ndiwo asinthidwe. Otsalawo akwechedwe dzimbiri ndi bulashi ya waya, apakidwe penti yoletsa dzimbiri kenako penti ya denga. Polumikiza, lata lipitirire linzake ndi mzere umodzi ndi theka cham'mbali, ndi masentimita 15 mpaka 20 chakumapeto. Malo amene amadontha kwambiri si pakati pa denga koma m'makwawa mmene madenga awiri akumana ndi mozungulira chumuni. Mukapeza denga kapena siling'i ya asibesitosi, musaicheke, musaiboole, musaikweche youma. Fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka zambiri.

Cholakwa chachikulu, chimene chimachitidwa ndi amisiri a mtima wabwino, ndi simenti. Njerwa za nthawi imeneyo ndi zootcha pa uvuni wa nkhuni, zofewa, ndipo anazimanga ndi matope kapena laimu. Khoma lotere limamwa chinyezi n'kuchitulutsanso kudzera m'mizere ya pakati pa njerwa. Mukalimata pulasitala wa simenti, kapena mukalipaka penti ya mafuta, chinyezi cholowera pansi chimasowa potulukira, chimakwera m'mwamba, mchere wake umauma m'kati mwa njerwa n'kuifumbutsa. Pakapita zaka zochepa pulasitala amayamba kulira ngati ng'oma ukamugogoda, kenako amagwa chigamba chonse atamatirira nkhope ya njerwa. Mmisiri amabwera, n'kuwonjezera simenti ina yamphamvu koposa, poganiza kuti yoyamba inachepa. Nyumba imene inapirira zaka 100 imatha m'zaka 15 chifukwa chokonzedwa.

Chofunika ndi chakuti chomangira chikhale chofewa kuposa njerwa. Pamene panali matope, bwezeranipo matope kapena laimu wofooka. Laimu wake ndi wootcha, ngati amene amachokera ku Balaka, osati wothira m'munda uja. Wa m'munda ndi mwala wongopera, sagwira. Wa m'matumba mumuviike mumgolo mpaka akhale ngati phala lolimba, tsiku lathunthu pang'ono penipeni, koma akakhala milungu ingapo ali ndi madzi pamwamba ndiye amafewa bwino. Muyezo ndi ndowa imodzi ya phalalo pa ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi. Musathiremo "kasimenti pang'ono kuti igwire msanga". Kameneko ndi kamene kamabweza vuto lija. Mizere yofumbutuka ikolokosedwe ndi chitsulo cha pamanja mpaka mamilimita 20 kapena 25, osati ndi galayinda, imene imadya m'mphepete mwa njerwa. Khoma linyowetsedwe, laimu akanikizidwe mwamphamvu, kenako paphimbidwe ndi masaka onyowa kwa sabata. Laimu sauma ngati simenti, amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, ndipo dzuwa la mu Okutobala likamuwomba tsiku loyamba amasanduka ufa. Pulasitala wa laimu aikidwe m'magawo osapitirira sentimita imodzi, lililonse liyambe lagwira. Pamwamba pake pakhale njereza yamadzimadzi, katatu kapena kanayi, tsiku limodzi pakati. Wogwira ntchitoyi avale magolovesi ndi magalasi, poti laimu amawotcha khungu ndipo m'maso ndi woopsa.

Apa pamafunika kudekha kumene makontirakitala ambiri alibe. Khoma lonyowa limauma pafupifupi masentimita awiri ndi theka, kapena kuti inchi imodzi, pa mwezi, ndiye khoma la mainchesi 9 likhoza kutenga miyezi 9 mutachotsa simenti ndi kukonza ngalande. Kulipenta lisanaume ndi kutaya penti. Amene amapereka ndalama za ntchito zotere asamaumirize kuti zonse zithe m'miyezi itatu kuti nduna idzadule riboni.

Chiswe chimatsatira chinyezi. Yang'anani timisewu take ta dothi pa maziko, kuseri kwa makabati omangidwira kukhoma ndi pamwamba pa siling'i. Thabwa likhoza kuoneka labwino kunja pamene m'kati ndi mphako, ndiye libayeni ndi sikuludiraiva, makamaka kumapeto kumene mtanda walowa m'khoma ndi pansi pa nsanamira za khonde. Ngati kwawola ndi kumapeto kokha, dulani gawolo, lumikizani thabwa latsopano lothiridwa mankhwala ndi mabawuti, mtanda wonse usatayidwe. Izi n'zofunika kwambiri pamene matabwa ndi a mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiukonda. Mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phiri, moti chitseko kapena felemu ya mkungudza ikachotsedwa n'kuikapo ya aluminiyamu, palibe kumene mudzaipezenso. Nthawi zambiri zitseko zoterezi sizitayidwa n'komwe, zimangosowa pa saiti.

Mng'alu usamatidwe tsiku limene waonedwa. Lembani ndi pensulo pamene wathera, ikani deti, yezani kukula kwake mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu kuti muone chilimwe ndi dzinja lomwe. Ukapanda kusintha, ndi wakale, umateni ndi laimu. Ukamakula, kapena ukadutsa mamilimita 5, kapena ukamatsika ngati masitepe motsata mizere ya njerwa kulowera pangodya, ndiye kuti maziko akuyenda, ndipo pafunika injiniya, osati pulasitala. Pa malo otsetsereka ngati athu, kawirikawiri gwero lake limapezeka kuti ndi paipi yodontha pansi kapena ngalande yotsekeka kumtunda. Mawaya a magetsi akale nawo asinthidwe onse nyumba isanayambe kugwiritsidwa ntchito. Zimene zinachitika mu 1919 zikhoza kuchitikanso usiku umodzi.

Nyumba yotsekedwa imafa msanga kuposa yogwiritsidwa ntchito, chifukwa palibe woona kudontha koyamba, ndipo akuba amayamba ndi mawaya, kenako mipope, kenako malata. Sitikunena kuti zonse zikhale nyumba zosungiramo zakale. Mzinda wa msinkhu wa Zomba sungadyetse zoposa imodzi kapena ziwiri. Mandala House ku Blantyre, ya mu 1882, ilipobe chifukwa muli anthu tsiku ndi tsiku, pansi malo odyera, pamwamba laibulale. Ku Johannesburg anamanga khoti lalikulu la malamulo oyendetsera dziko mkati mwa ndende ya Old Fort, pafupi ndi chigawo cha Number Four mmene ankatsekera amuna akuda, ndipo njerwa za chigawo chimene anagumula anazimangira m'khotimo. Kuno nyumba zikhoza kukhala maofesi, malo ogona alendo, makalasi a University of Malawi, kapena zipinda zogulitsiramo ziboliboli ndi nsalu. Chofunika n'chakuti m'pangano la lendi mulembedwe zinthu zitatu: magatala aziyeretsedwa, simenti isakhudze makoma akale, ndipo chipinda chimodzi cha boyizikota chisiyidwe momwe chinalili, chotsegukira aliyense wofuna kuona, ngakhale sanagule kanthu.

Pakhomo pakhale chikwangwani cha m'Chichewa ndi m'Chiyao, Chingerezi chibwere pambuyo. Chisamangonena chaka ndi dzina la bwana amene anagonamo. Chinene amene ankaloledwa kulowera kutsogolo, amene ankalowera kumbuyo, ndi ntchito zimene ankagwira. Mayina a antchitowo ambiri sali m'mafayilo, koma ali m'mitu ya anthu ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Chikanda ndi m'midzi yozungulira. Mnyamata amene anali ndi zaka 15 mu 1960, akuthandiza bambo ake kusita zovala za dona, lero ali cha m'ma 80. Ophunzira mbiri a ku yunivesite ku Chirunga akhoza kuwajambula mawu akuluakulu amenewa ndi foni, aliyense ola limodzi, atawatengera pa poloti pomwepo kuti aloze ndi chala pamene panali mbaula, pamene panali belu loitanira boyi, ndi pamene mwana wa khukhi sankaloledwa kudutsa. Ntchito ya laimu ikhoza kudikira chilimwe chamawa, koma iyi ndi ya magatala ziyambe mvula isanagwe.

Ndife,
Amisiri a zomangamanga ndi aphunzitsi a mbiri yakale,
Zomba